Gorjeta ikusowa: chitini, bokosi lopukusa, alamu, kamera kapena foni?

Botolo la mowa wa 2M likasowa m'baraka, mwini malo amadziwa usiku womwewo, chifukwa makreti amawerengedwa. Nkhuku ikasowa kukhitchini, wophika amafunsidwa. Koma 50 MT (meticais) imene kasitomala wasiya pansi pa mbale pothokoza amene wamutumikira ikasowa, palibe buku losonyeza kuti inalipo. N'chifukwa chake gorjeta, ndalama yothokozerayi, ndi yosavuta kuba kuposa ina iliyonse pamalo odyera, ndipo woluza amakhala munthu amene amaidalira kwambiri: mtsikana woperekera zakudya pa Zóbuè amene akufuna ya ndiwo ndi ya makala mwezi usanathe, mnyamata wotsuka mbale ku Ulongwe, wonyamula zikwama pamalo ogona alendo ku Moatize.

Njira zotetezera ndalamayi zilipo zingapo, zina zaulere, zina zofuna kukakhala pansi ndi wowotcherera. Koma musanawononge ndalama, dzifunseni kaye kuti gorjetayo ikusowera pati. Ina imasowera patebulo, kasitomala atanyamuka, woperekera asanafike: wadutsa wina, wanyamula. Ina imasowera m'chitini, zala zikulowamo pang'onopang'ono tsiku lonse. Ina imafika bwinobwino mpaka usiku, n'kukasowera m'manja mwa amene amawerenga yekha chitseko atatseka, kenako n'kutuluka n'kunena kuti lero kunali kouma. Zipangizo zambiri zogulitsidwa m'masitolo amazipanga poganizira wakuba wochokera kumsewu. Ine ndimaona kuti kuba kopweteka ndi kwa m'nyumba, chifukwa kuwonjezera pa ndalama kumaononganso ubale wa anthu ogwira ntchito limodzi. Munthu wosalakwa amayamba kuyang'anidwa ndi diso loipa, ndipo nthawi zambiri amakhala wamng'ono kapena wolembedwa kumene. Choncho njira iliyonse ndiiyeza ndi mafunso awiri: kodi ikutseka dzanja la mlendo lokha, kapena ikutsekanso dzanja la wa m'nyumba? Nanga ikuchotsa kukayikirana kapena ikukuwonjezera?

Thumba la epuloni ndi chitini cha pa kauntala

Njira yakale ndi yoti aliyense asunge yake. Kasitomala akuti, "Chenjicho sungani, achemwali," iwo n'kuika m'thumba la epuloni, nkhani yatha. Palibe chogula, ndipo ndalama yoperekedwa pamanja siisowa. Vuto lake n'loti m'thumba lomwelo mumakhalanso ndalama ya malonda. Usiku powerengera, 100 MT ikaperewera, abwana amatenga pa gorjetayo, ndipo woperekera alibe chomuikira kumbuyo. Amene asankha njirayi asoke matumba awiri, la gorjeta likhale la zipi, ndipo ndalama ziwirizi zisakumane. Komanso njirayi imaiwala a kukhitchini. Kasitomala amene wakondwa ndi nsomba ya pende yokazingidwa bwino amathokoza amene wabweretsa mbale, pomwe amene wapsa ndi mafuta sakuoneka.

Chitini cha mkaka kapena botolo la mayonezi loboola pachivundikiro limathetsa vuto la kugawana, ndipo botolo looneka mkati limakopa: munthu akaona kuti ena aponyamo, nayenso amaponya. Koma pa chitetezo palibe chimene limachita. Limanyamulidwa lonse, chivundikiro chimapotokoleka, ndipo ngakhale mutachimata, waya wopaka ulimbo kapena chingamu amakoka ndalama ya pepala pachibowo chomwecho. Kulimanga ndi tcheni kumaletsa wothawa nalo basi. Chitini n'choyenera pamalo pamene wogulitsa ndi mmodzi ndipo sachoka pa kauntala, monga pogulitsira tiyi kapena pometera tsitsi.

Bokosi lopukusa

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa pa njira zonse iyi ndi imene ndimaikhulupirira, ndipo mmisiri wowotcherera wa pamsika angathe kuipanga popanda kuitanitsa chilichonse ku Beira kapena ku Maputo.

Bokosi wamba la chitsulo lokhala ndi kampata pamwamba ndi loko kutsogolo ndi labwino kale kuposa chitini, koma waya amalowabe. Amisiri ena amawotcherera kachitsulo kopendekeka pansi pa kampatako, kokhala ndi mano ngati a sowo kumapeto kwake, kuti ndalama ikamakokedwa kubwerera kumwamba izikodwa. Zimathandiza ndithu. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimavutitsa mabokosi otere kuno kwathu ku Mozambique: kuyambira mu 2011 ndalama za 20, 50 ndi 100 MT ndi zapulasitiki, ndipo zimenezi ndizo zimaperekedwa kwambiri ngati gorjeta. Ndalama yapulasitiki siimvera kupinda. Mukaipinda n'kuikankhira pakampata, imatambasuka ikangolowa, n'kutsamira pakachitsulo kaja, nsonga yake ili pafupi ndi khomo. Yotsatira imatsamira pa inzake, ndipo pofika madzulo kampata kadzaza, moti aliyense wa zikhadabo zazitali angathe kusolola.

Bokosi lopukusa limathetsa zimenezi. Limakhala ndi zipinda ziwiri. M'chipinda cha pamwamba mumagona paipi yaifupi, chopingasa, yotsekedwa kumapeto konse kuwiri, ndipo m'litali mwake yadulidwa khomo limodzi lalikulu. Paipiyo imazungulira pa kamtengo kachitsulo kamene kamatulukira kunja n'kukhala chopukusira. Khomo la paipi likayang'ana kumwamba, limakumana ndi chibowo cha padenga la bokosi, kasitomala n'kuikamo ndalama. Mukapukusa theka, khomolo limayang'ana pansi, ndalama n'kugwera m'chipinda chachiwiri, ndipo nthawi yomweyo msana wa paipi watseka chibowo cha pamwamba. Palibe mphindi imene njira yochokera kunja kufika pansi imakhala yotsegula yonse. Wolowetsa waya amangokumana ndi mkati mwa paipi mopanda kanthu. Masefa ena oponyeramo ndalama m'mabizinesi akuluakulu amagwira ntchito mwanjira yomweyi. Ife tikungoichepetsa kuti ikwane pa kauntala ya baraka.

Paipi yapulasitiki ya madzi oipa, ya mamilimita 110, ndi yabwino pa ntchitoyi: ndi yotakasuka moti ndalama ikatambasuka mkati imagwabe, siichita dzimbiri, ndipo kachidutswa kotsala pomanga nyumba n'kokwanira. Mmisiri asamale zinthu ziwiri. Mpata wa pakati pa paipi ndi chitsulo choizungulira ukhale wochepa kwambiri, apo ayi ndalama yapulasitiki imalowa mmenemo n'kumanga chopukusira. Ndipo m'mphepete mwa khomo apalepo ndi sandipepa mpaka posalala. Musalipire ndalama yomaliza musanaliyese pamaso pake. Ponyanimo 20 MT yopinda kanayi, 1000 MT yosapinda, makobidi a 5 ndi a 10 MT angapo nthawi imodzi, ndiponso ndalama imodzi yonyowa, chifukwa pa kauntala ya mowa ndalama youma ndi yosowa. Yonyowayo ikamatirira m'paipi, khomo alikulitse.

Chowonjezera chimene ndimachikonda ndi belu la njinga. Mmisiri awotcherere kamsomali pachopukusira kuti pozungulira kazikhudza belulo. Ndalama ikagwa, ngriii, ndipo wotsuka mbale kuseri wamva, wophika wamva, mlonda pakhomo wamva. Usiku munthu sangabwere n'kunena kuti lero sikunagwe kanthu pamene onse amva belu likulira kuyambira masana. Belu limalira chimodzimodzi kwa woponya 5 MT ndi woponya 500 MT, choncho silichititsa manyazi wosauka, ndipo limapereka mpata woti onse ayankhe kuti, "Zikomo, bambo!" Pamalo odyera a hotela pamene alendo amafuna bata, belu lingachotsedwe, m'baraka ndi m'malesitilanti a m'mbali mwa msewu limakwana bwino.

Koma mtima wa bokosili ndi maloko. Akhale awiri, osiyana, pachitseko chimodzi cha chipinda cha pansi. Kiyi wina asunge mmodzi wa operekera, wina asunge mmodzi wa kukhitchini, ndipo asungiwo azisinthana pa sabata. Palibe amene angatsegule yekha, ngakhale abwana. Mwini malo wachilungamo sangakane zimenezi, chifukwa zimamuyeretsanso iyeyo. Bokosi limangidwe ku kauntala ndi mabawuti odutsa pansi pake, manati ake ali mkati mwa chipinda chokhomacho, kuti womasula ayambe watsegula maloko. Mahinjesi awotchereredwe moti kamsomali kake sikangagogodedwe n'kutuluka, poti bokosi lambiri lolimba limagonja kumahinjesi, osati kuloko. Kutsogolo mungaike kawindo kakang'ono ka pulasitiki yochindikala, kotchingidwa ndi sefa wachitsulo, kuti ndalama izioneka pang'ono. Ngati kauntala yayang'ana kumsewu, kawindoko kachepe kwambiri kapena kasakhalepo.

Zofooka zake zilipo ndipo sindizibisa. Limafuna ndalama yogulira chitsulo, maloko ndi kulipira mmisiri, ndipo limafuna kuti mwini malo alole kauntala yake kubooledwa. Silitetezanso ndalama yosiyidwa patebulo, chifukwa imeneyo imayendabe m'dzanja la munthu isanafike m'bokosi. Pamenepa chothandiza ndi kuika bokosi pomwe anthu amalipirira, ndi kachikwangwani kolembedwa m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, kuti kasitomala aponye yekha akulandira chenji. Ndipo bokosili si sefa yosungiramo ndalama. Wakuba wa usiku wokhala ndi chitsulo chokanulira adzalitsegula, choncho ndalama isagonemo. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene chinyezi chimachuluka nthawi ya dzinja, lipakeni penti mkati ndi kunja lisanayambe ntchito.

Alamu ya maginito

M'masitolo ogulitsa zamagetsi mumapezeka tialamu ta pazitseko ndi mawindo, tamabatire ang'onoang'ono. Kamakhala ndi zidutswa ziwiri: china ndi maginito, china ndi kolira. Zikakhala moyandikana kamakhala chete, zikatalikirana kamakuwa. Wochenjera amamata chimodzi kunsi kwa botolo la gorjeta, china pa kauntala, ndipo wonyamula botolo amadzidzimuka ndi phokoso. Ndi nzeru yabwino, yotsika mtengo, yosafuna mmisiri, ndipo kwa wakuba wodutsa ndi yokwanira.

Kwa wa m'nyumba ndi yopanda ntchito, chifukwa kali ndi kabatani kozimitsira pambali ndipo aliyense wogwira ntchito pamenepo amakadziwa. Mabatire amatha mosachenjeza. Mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, zomatira zake zimafewa, kachidutswa n'kusuntha, alamu n'kumalira popanda wakuba mpaka anthu atatopa n'kuizimitsiratu. Ngati mwaisankha, imangeni ndi tizomangira tachitsulo m'malo modalira zomatirazo. Ndipo Loweruka usiku, zokuzira mawu zili pamwamba, yesani kaye ngati ikumveka n'komwe. Pamene alamuyi imakhala ndi phindu lenileni ndi mkati mwa bokosi lopukusa, pachitseko cha pansi, kabatani kake kali kosafikirika: chitseko chikatseguka nthawi yolakwika, nyumba yonse imadziwa.

Kamera

Eni malo ambiri amathamangira kamera, ndipo ndimamvetsa: imayang'ananso kabati ya ndalama ndi firiji. Ena amagwiritsa ntchito foni yakale yoikidwa pashelefu. Koma pa nkhani ya gorjeta ndimaiika kumbuyo. Siiletsa dzanja, imangokuuzani mawa lake kuti linali la ndani, ndipo ngati linali la woyendetsa lole amene pano wadutsa kale Changara, chithunzicho sichibweza kanthu. Imafuna magetsi osaduka, pamene mphindi imene magetsi athima ndi yomwe wakuba amaidikira. Imafunanso munthu wokhala pansi kuonera zojambulidwa za tsiku lonse chifukwa cha 50 MT. Chachikulu n'choti zithunzizo zimakhala pa foni ya abwana. Ngati ndalama ikusowera pogawa, kamera ikuyang'ana anthu olakwika, ndipo antchito amagwira ntchito akudziwa kuti akuonedwa ngati akuba pa ndalama yawo yomwe. Ngati ilipo kale, iyang'anitseni pa bokosi ndi patebulo lowerengerapo, ndipo antchito akhale ndi ufulu woona zojambulidwazo pakabuka mkangano.

M-Pesa, e-Mola ndi mKesh

Ndalama imene siinagwiridwe m'manja siingasololedwe ndi waya. M-Pesa ya Vodacom yakhala ikugwira ntchito m'dziko muno kuyambira mu 2013, e-Mola ya Movitel yafika mpaka m'midzi yakutali, mKesh ya Tmcel iliponso, ndipo kuyambira mu 2022 munthu angathe kutumiza kuchokera ku imodzi kupita ku inzake. Kasitomala safunika foni ya intaneti: *150# kapena *898# pa kafoni ka mabatani n'kokwanira. Ubwino wake waukulu ndi umboni. Ndalama iliyonse imabwera ndi uthenga wosonyeza kuchuluka kwake ndi nthawi, zimene chitini sichingachite.

Funso lovuta ndi loti nambalayo ikhale ya ndani. SIM imalembetsedwa m'dzina la munthu mmodzi. Ikakhala ya mwini malo, gorjeta imasakanikirana ndi ndalama ya malonda, ndipo tabwerera pa vuto lija la wowerenga yekha. N'chimodzimodzinso gorjeta yowonjezeredwa pa bilu yolipira ndi khadi, imene imalowa mu akaunti ya bizinesi n'kudalira mtima wa abwana. Ikakhala ya mmodzi wa antchito, tsiku limene wakangana ndi anzake kapena wachotsedwa ntchito amapita nayo, pamodzi ndi nambala yachinsinsi. Aliyense akaika nambala yakeyake pachikwangwani, pamabuka vuto limene amuna ambiri saliganizira: nambala ya mtsikana ikapachikidwa pakhoma la malo omwera mowa, usiku amalandira mafoni a anthu amene sakufuna kuthokoza chakudya. Ameneyu asakakamizidwe.

Palinso mtengo wotapira ndalama kwa ejenti, umene umapweteka kwambiri pa ndalama zing'onozing'ono, choncho ndi bwino kuunjika kaye n'kutapa kamodzi. Ndipo chenjerani ndi uyu wobwera ndi nkhope yabwino n'kunena kuti, "Achimwene, ndakutumizirani 500, mundipatse 400 pamanja, 100 ikhale yanu." Uthenga wabodza ndi wosavuta kulemba. Musakhulupirire zimene zili pa foni yake kapena uthenga wongofika. Lowani mu akaunti yanu muone ngati ndalama yakweradi.

Foni ndi yabwino mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene makasitomala ambiri ndi olandira malipiro a kumigodi ya malasha ndi m'maofesi. Kumalire nkhani ndi ina. Madalaivala a malole odutsa pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Cassacatiza amasiya zimene zatsala m'thumba: kwacha ya Malawi, kwacha ya Zambia, randi, nthawi zina dola. Ambiri alibe akaunti ya kuno. Pamalo otere bokosi ndi losapeweka, ndipo lizitsegulidwa pafupipafupi pa chifukwa chinanso: ndalama yakunja yosungidwa imatha kuchepa mphamvu muli mtulo. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ataunjika makwacha kudikira Khirisimasi anagawana zochepa kuposa zimene anagwirira ntchito.

Nanga musankhe iti?

Wogulitsa yekha pa kauntala yake: thumba la zipi kapena botolo lomangidwa, ndi alamu ya maginito ngati ali m'mbali mwa msewu. Malo a antchito atatu kupita m'tsogolo, makamaka okhala ndi khitchini: bokosi lopukusa la maloko awiri, ndipo nambala ya foni ikhale yowonjezera kwa kasitomala amene alibe ndalama ya pamanja. Mtengo wa bokosi, ngati mwini malo sakufuna kulipira, antchito angathe kusonkherana monga amachitira pa xitique, kapena kuti chipereganyu. Likatero limakhaladi lawo, ndipo palibe angawauze tsiku lolitsegula.

Chilichonse chimene mwasankha chimafuna kope la sukulu ndi cholembera. Bokosi litsegulidwe pa nthawi yodziwika, asanachoke amene wagwira ntchito tsikulo. Ndalama ithiridwe patebulo, awerenge mokweza mmodzi, wina alembe, mtundu uliwonse wa ndalama pamzere wake, ya pa foni nayonso ilembedwe poonetsa mauthenga, ndipo asunga makiyi asainire. Kagawidwe kagwirizanidwe bokosi lisanalandire kobidi loyamba: kaya mofanana, kaya operekera atenge gawo lalikulupo, kaya mlonda ali nawo kapena ayi, kaya wodwala tsikulo alandira. Zimenezi zilembedwe patsamba loyamba la kopelo. Kukambirana kagawidwe ndalama ili kale patebulo kumabala mkangano ngakhale pakati pa anthu okondana.

Potsiriza pali kanthu kakang'ono kamene kamagwetsa dongosolo lonseli kakaiwalika. Loko watsopano amabwera ndi makiyi awiri kapena atatu. Ngati wokagula maloko wapita yekha, palibe akudziwa kuti makiyi anali angati. Mukagule awiriawiri, paketi itsegulidwe pamaso pa onse, ndipo makiyi otsalawo aikidwe mu envelopu yomatidwa, onse asaine podutsa pomatapo, isungidwe ndi munthu amene sagwira ntchito pamalopo ndipo nonse mumamukhulupirira. Wosunga kiyi akasiya ntchito, kapena kiyi akasowa ngakhale kwa tsiku limodzi n'kupezekanso, gulani loko wina.